Chitseko Chimene Ndinasiya Chosatseka

Ndinachoka kwathu masana, dzuwa lili paliwombo, amayi atapita kuchigayo. Sindinatsazike. Ndikunena zimenezi poyambirira kuti musavutike kundifunira zifukwa. Panalibe ndewu, panalibe njala yoposa ya anthu ena, ndipo palibe amene anandithamangitsa. Ndinangoopa kuti ndikaima pamaso pa amayi n'kunena kuti ndikupita kutawuni kukalemba zisudzo, andiyang'ana kamodzi kokha, ine n'kukhala pansi. Choncho ndinatenga kope langa, momwe munali mutu wa sewero ndi mizere isanu ndi umodzi, ndinaimika khasu kuseri kwa nkhokwe, n'kuona msana wa njira. Chitseko ndinachisiya chosatseka, ngati munthu amene wangopita kuseri.

Ndinadziuza kuti ndibwerera mvula ikamayamba, sewero lili m'manja, ndipo ndidzatsazika bwinobwino ngakhale mochedwa. Mvula ija inagwa n'kukata. Inagwanso ina. Kuchokera pamenepo ndinasiya kuwerenga zaka, koma palibe tsiku limene ndinadzuka osakumbuka kuti kwinakwake kuli mayi amene ndinamuthawa ali ndi thumba la mphale pamutu.

M'tawuni yoyamba, ya m'mapiri, ndinapeza gulu la zisudzo likuyeserera m'holo yonunkha ndowe za mileme. Mkulu wa gululo anawerenga mizere yanga ali chiimire, nandibwezera kope, nati munthu wofuna kulemba ayambe waona dziko. Anandipatsa ntchito yonyamula mabenchi. Ndinawanyamula kwa nthawi ndithu, ndipo chimene ndinaphunzirapo ndi chakuti benchi limalemera kwambiri sewero likatha kusiyana ndi lisanayambe.

Kenaka ndinapezeka ndili pa mishoni ina ya njerwa zofiira. Sindikumbuka kuti ndinafikapo bwanji. Mwina ndinakwera lole, mwina ndinangogona n'kudzukira pomwepo. Pamenepo panali a Katengeza, mkulu wa miyendo yotupa, amene ankasunga makina oonetsera kanema. Makinawo, pamodzi ndi kajenereta ndi zitini zitatu zophwatalala, anasiya ndi wansembe wina wa ku Ayalandi pobwerera kwawo kukafa. M'zitinimo munali filimu imodzi yokha. A Katengeza anati inali mbiri ya mnyamata wa dziko la wansembeyo, amene anadzakhala mlembi wotchuka wa masewero. Dzina lake linalembedwa pachitini, koma dzimbiri linali litadya kale, ndiye iwo ankangomutchula kuti Mnyamata wa Njerwa.

Nditamva kuti ndi mlembi wa masewero, ndinati uyu ndi mbale wanga.

Tsiku loyamba kuiona tinatchinga mawindo a kalasi ndi masaka, pakuti a Katengeza ankaonetsa masana kuti anthu akutali azibwerera kukadali kowala. Pansalu yoyera panaoneka dziko limene mvula yake sikata, nyumba zothithikana, anthu ovala majasi akuda. Mnyamata wowonda ankakwera makwerero ndi njerwa paphewa, ndipo anzake akamapuma iye ankalemba pamapepala a matumba a simenti, iwo n'kumamuseka. Kunyumba mayi wake ankasita zovala za anthu olemera. Kumapeto kwa chitini chachiwiri mnyamatayo anamanga mapepala ake ndi chingwe kuti apite kumzinda waukulu, ndipo mayi wake anaima pakhomo. Nkhope yake inadzaza nsalu yonse. Milomo yake inagwedera kwa nthawi yaitali, akulankhula kwa mwana wake.

Koma zimene ankanenazo palibe ankazimva, chifukwa mawu a makinawo anafa kalekale. Ntchito inali yakuti munthu aime pambali pa nsalu n'kumalankhulira onse a mufilimumo. A Katengeza, poti anali munthu wa tchalitchi, ankampatsa mayiyo mapemphero okhaokha. Ine ndinakhala kumbuyo pabenchi, thukuta lili kamukamu, ndikuyang'ana mnyamata amene anali ndi chilichonse chonga changa, kupatula chimodzi. Iye anaima n'kudikira kuti mayi wake amalize kulankhula.

A Katengeza anandiphunzitsa ntchitoyo mosafulumira, monga momwe ankayendera. Anandionetsa kapisidwe ka filimu m'mano a makina, kapukutidwe ka galasi ndi nthenga ya nkhuku, ndi kamvedwe ka jenereta ikamafuna kuzima. Zambiri ankangoloza ndi chala. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene ananena ndi pakamwa, atandigwira pamkono.

"Mphwanga, usadzaimitse makina pankhope ya munthu, ngakhale akupemphe akulira. Babu ili ndi moto. Filimu imapulumuka chifukwa chothamanga. Ikangoima, yapsa."

Miyendo ija inatupa mpaka m'chiuno, ndipo m'mwezi wina wozizira anatsamira mkono. A pamishoni analibe nazo ntchito zinthu zakalezo. Ndinamangirira makina ndi jenereta panjinga ya malemuwo, zitini kumsana, n'kuyamba kukankha. Njingayo sindinaikwerepo ngakhale tsiku limodzi, pakuti pachishalo pankakhala jenereta.

Ndinadziuza kuti ndilowera chakwathu, ndizionetsa filimu m'njira, ndikafika ndikawaonetse amayi mnyamatayo kuti amvetse chimene ndinachokera. Koma njira za nthawi imeneyo zinali ndi khalidwe lakelake. Ukaloza kumpoto m'mawa, madzulo unkapezeka ukuwoloka mlatho womwe unawoloka dzana. Kapena ndine amene ndinkakhota pamphambano iliyonse yolowera kwathu. Sindikana.

Pa esiteti ina ya fodya anandipatsa shedi yosankhiramo masamba. Matenanti anadzaza mpaka pakhomo, fungo la fodya lili guu, ana akutsokomola. Kumeneko ndi kumene ndinayamba kumulankhulira mayi uja ndi mawu anga. Ndinali ndi nthawi yambiri, poti milomo yake inkagwedera motalika, ndiye ndinathira zonse zimene ndinkalakalaka kumva. Ndinati pita mwana wanga, dziko likudikira cholembera chako, usayang'ane m'mbuyo, ine ndanyadira, dzina lathu ulikweze pamwamba pa mapiri. Ndinalankhula mpaka mawu ananjenjemera, ndipo mumtima ndinati mkulu wa mabenchi uja akanandimva lero.

Bambo wina wachikulire anaimirira kumbuyo n'kupempha kuti ndiimitse pang'ono, aione bwino nkhopeyo. Anati iye anachoka kwawo kalekale kudzalima fodya wa eni ake, ndipo nkhope ya amayi ake inali itayamba kumuthawa. Ndinakumbuka mawu a a Katengeza, koma a Katengeza anali m'manda, ndipo bamboyu anali pamaso panga, chipewa chili m'manja. Ndinaimitsa. Nkhope ija inakhala phee. Kenaka patsaya la mayiyo panatuluka kadontho kofiirira, kanakula ngati mafuta pansalu, ndipo nkhope yonse inasungunuka n'kusiya kuwala kokhakokha.

Amene anandipulumutsa tsiku limenelo anali mayi wina wogulitsa zitumbuwa panja pa shediyo, dzina lake Elube. Anandipeza nditagwira nsonga ziwiri za filimu ngati munthu amene wamudukira lamba pagulu. Anatulutsa lezala ndi kabotolo ka kyutekisi wopaka m'zikhadabo, nadula popsapo, napala m'mbali, napaka, nadinikiza ndi chikhadabo. Anati azakhali ake ankakonza choncho zipeso zothyoka. Filimu inagwirana, koma tizithunzi tingapo tinali titapita, ndipo kuyambira tsiku limenelo mayi wa pakhomo ankalankhula mofupikirapo. Ndinachotsa mawu aja a pamwamba pa mapiri.

Ndinakhala ndi Elube m'kanyumba ka pafupi ndi msika mvula ziwiri, kapena zitatu. Anali munthu woseka ndi thupi lonse, ndipo ankanditchula kuti a Mlembi, makamaka akafuna pepala loyatsira mbaula. Kope langa linatha choncho, tsamba limodzilimodzi kuchokera kumapeto, mpaka panatsala tsamba loyamba lokha ndi mizere yake isanu ndi umodzi. Sindinamuletse. Ndinali wotopa, ndipo m'nyumbamo munali mofunda.

Tsiku lina akukanda ufa wa zitumbuwa anandifunsa kuti mawu amene ndimampatsa mayi wa mufilimu uja ndinawamva kwa yani. Ndinati kwa amayi anga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati ndisamamunamize, iye anabadwa kwa mkazi. Ndipamene ndinamuuza za chigayo ndi za chitseko. Sanaseke. Anati ndipite kwathu sabata yomweyo, iye andiperekeza mpaka pamphambano. Ndinati mvula ikakata. Itakata ndinati chimanga chikauma.

M'mawa wina ndinapeza wandimangirira yekha katundu panjinga. Anaima pakhomo, manja ali ndi ufa, kudikira kuti ndiyambe ndine. Ndinatsegula pakamwa. Ine amene ndinkalankhulira azungu khumi ndi awiri tsiku limodzi ndinasowa liwu ndi limodzi lomwe. Ndinagwira zigwiriro za njinga n'kuyamba kukankha, ndipo nditafika pamphambano ndinakhoteranso kwina. Elube sindinamuonenso, ndipo mpaka lero ndimamva chisoni ndikamva fungo la kyutekisi.

Pambuyo pake midzi inayamba kufanana. Paliponse panali kalasi kapena tchalitchi chofolera ndi udzu, masaka m'mawindo, fumbi likuvina m'kuwala kwa babu, ndi munthu mmodzi kumbuyo woimirira n'kunena kuti taimitsani pang'ono. Kwina anali msilikali wopuma, kwina mtsikana woyembekezera, kwina mphunzitsi wovala tayi. Sankapempha pazithunzi za mvula, sankapempha pamene mnyamatayo akuwomberedwa m'manja m'chitini chachitatu atavala suti yobwereka. Onse ankapempha pakhomo paja. Ndinkakana kawiri, kachitatu n'kuimitsa. Nkhope inkapsa, ine n'kudula, n'kupala, n'kupaka, n'kudinikiza. Ndinafika poidziwa ntchitoyo moti ndinkalumikiza maso ali kwina, ndipo palibe ntchito ina imene ndinaidziwapo chotero kuposa iyi yofupikitsa mawu a mayi.

Mudzi umodzi wokha ndi umene ndimaukumbuka padera. Unali m'chigwa, ndipo munalibe amuna, onse anapita kumigodi ya kummwera. Amayi anadzaza m'tchalitchi ndi ana kumsana, ena akuluka, ena akusenda nandolo m'zitenje. Pofika nthawiyo mawu anga anali atatsala ochepa, koma ndinali nditawasankha bwino. Mayi wa pakhomo ataoneka ndinakweza mawu kuti, pita mwana wanga, dziko likudikira cholembera chako, ine ndanyadira.

Wina anaseka. Anali mayi wamfupi, wa mpango wofiira, amene ankaoneka kuti saopa munthu. Anzake anamutsatira, mpaka tchalitchi chonse chinali phwete.

"Achimwene, mayi uyo sakunena zimenezo," anatero. "Tamuonani pakhosi. Akumeza. Munthu wonyadira sameza choncho."

Ndinafunsa mwaulemu, ngakhale manyazi anali atandigwira, kuti nanga akunena chiyani. Pamenepo aliyense anafuna kuyankha. Wina anati akumuuza kuti asamagone ndi zovala zonyowa. Wina anati akumukumbutsa kuti chigamba cha m'thumba sichinasokedwe bwino. Wina anati sakunena kanthu, akungogwedeza milomo kuti asalire mwana akuona. Anakangana ngati akumudziwa mzungu uja kuyambira ali mtsikana, ndipo pomaliza onse anagwirizana chimodzi, kuti ndiimitse ayang'anitsitse okha. Ndinaimitsa katatu tsiku limenelo, ndipo katatu konse inapsa.

Ndikumangirira katundu, wa mpango wofiira uja anabwera kudzandigwirira njinga. Anandifunsa chapansipansi ngati ine ndinatsazika pochoka kwathu. Ndinapitiriza kumanga chingwe. Anagwedeza mutu nati zimaoneka, chifukwa munthu amene anaimapo pakhomo la mayi wake sangalankhule zambirimbiri choncho. Kenaka anandipatsa mbatata ziwiri zootcha, nandilozera njira yotulukira m'chigwamo.

Nditachoka kumeneko sindinathenso kumulankhulira mayi uja. Akaoneka pansalu ndinkangoti chete, anthu n'kumayesa kuti ndaiwala. Komanso nthawi inali itasintha osandiuza. M'misika munabwera tinyumba ta mavidiyo, momwe anthu ankamenyana ndi kuwomberana mfuti ali ndi mawu awoawo, ndipo palibe ankafunanso mzungu wonyamula njerwa pamvula. Ana ankathamangira njinga yanga n'kumafunsa ngati ndikugula zitsulo zakutha. Ndinkaonetsa kamodzi pamwezi, kwa okalamba asanu kapena anayi, theka lawo akuwodzera. Msana unapindika, maondo anayamba kulira pokwera mtunda, ndipo tsiku lina nditayang'ana miyendo yanga ndinaona ya a Katengeza.

Mlongo wanga Filesi ndinakumana naye padepoti ya mabasi, m'tawuni imene ndikuganiza kuti inali yoyamba ija, ngakhale mapiri ake ankaoneka aafupi. Ndinamusiya ali kamtsikana kosamera mawere, ndipo amene anandigwira malaya anali mayi wa imvi. Anati wandizindikirira kayendedwe, poti ndimayendabe ngati munthu amene waba nkhuku. Sanalire, sanandikalipire. Tinakhala pachitsa, iye n'kumandiuza za kwathu ngati akuwerenga mayina a anthu odwala.

Anati mudzi wonse unasamukira kumsewu, kumene kuli mjigo ndi sukulu. Kubwinja kuja kunatsala nyumba imodzi. Amuna ake anawamangira amayi chipinda cha malata, koma anakana kusamuka. Maso awo anachita ng'ala, ndipo anthu atabwera ndi galimoto kudzatenga odwala maso kuti akawapale kuchipatala, anakananso. Ngakhale kumaliro a mchemwali wawo kutsidya kwa mtsinje sanagoneko.

Ndinafunsa chifukwa chake.

"Amati inu simunachoke, achimwene. Amati mwana wawo akamapita kutali amatsazika, ndiye poti simunatsazike, muli pafupi, mubwera posachedwa, musadzapeze palibe munthu. Chitseko chija sanachitsekepo. Kukazizira amangotchinga ndi mphasa."

Basi yake inaliza hutala. Anaimirira, nakonza chitenje, nati iye watopa kutumiza ana ndi madzi kubwinja, ndipo amayi sadzaona mvula zambiri. Anakwera osatembenuka.

Ndinakhala pachitsa paja mpaka mthunzi unasuntha. Kenaka ndinatsegula chitini chachiwiri, ndinafunyulula filimu mpaka pamene panali zipsera zokhazokha, n'kuikweza kudzuwa. Mayi wa pakhomo anali atatsala kachidutswa kosapitirira kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Pamakina kachidutswa kotero kamadutsa munthu asanapume kawiri. Milomo yake inkatseguka, n'kutsekeka, n'kutsegukanso, basi. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti ndine ndekha amene ndikusenza katundu wa kuchoka kwanga, osadziwa kuti wolemera kwambiri ndinamusiyira munthu amene sanasunthe n'komwe.

Ulendo uno njira sinakhote. Ndinayenda masiku angapo, ndipo jenereta ndinaisiya pansi pa mtengo wina chifukwa sindikanathanso kuikankha pamtunda. Ndinadutsa mudzi watsopano wa kumsewu osaima, ndinalowa kanjira kamene udzu unali utakatseka, mpaka ndinaona denga. Nkhokwe inali itagwa. Nyumba zina zonse zinali milu ya dothi yomera bonongwe. Yathu yokha ndi imene inaima, yozira bwino, pabwalo posesedwa, chitseko chili chotsegula monga momwe ndinachisiyira.

Amayi anali pakhonde akuswa mtedza m'lichero. Anali atachepa ngati mwana. Ndinatsamiritsa njinga, ndinavula chipewa, n'kunena kuti odi. Anapitiriza kuswa. Ndinabwerezanso.

"Odi wa chiyani?" anatero osadzutsa mutu. "Odi ndi wa alendo. Iwe unapita kuti? Ine sunanditsazike."

Anakankhira lichero mbali yanga. Sanandipatse madzi, sanandifunse za m'njira, pakuti zimenezo amachitira munthu wochokera kuulendo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuswa mtedza, makoko akugwera pamiyendo yanga yotupa. Tinaswa kwa nthawi yaitali. Kenaka anafunsa kuti chikununkha mafuta a galimoto n'chiyani, ndipo ine ndinayamba kufotokoza.

Ndinawauza za dziko la mvula, za mnyamata wa njerwa, za matumba a simenti ndi mayi wosita zovala. Ndinafotokoza filimu yonse popanda nsalu, popanda babu, ndipo ndikhulupirira kuti sindinaifotokozepo bwino chotero. Anamvetsera akuswabe mtedza. Anafunsa ngati mnyamatayo analemba sewero lake, ndinati inde. Anafunsa ngati ine ndinalemba langa, ndinati ayi. Anangoti hmm. Ndinatulutsa kachidutswa kaja n'kukaika m'manja mwawo, ndipo poti sakanatha kukaona, anakayendetsa ndi chala, akuima pachipsera chilichonse.

"Nanga mayi wakeyo pakhomopo anati chiyani?"

Ndinawauza zoona. Ndinati sindikudziwa, ndamupatsa mawu ambirimbiri m'midzi yambirimbiri ndipo onse anali abodza, ndipo tsopano malo amene atsala sangakwane mawu oposa awiri.

"Ndiye iwe umafuna angati?"

Anaika lichero pansi. Anagwira khoma n'kudzuka pang'onopang'ono, ndipo nditafuna kuwathandiza anachotsa dzanja langa. Anapapasa mpaka anapeza mphuthu, nalowa, natembenuka, naima pakhomo. Anandiuza kuti ndisenze zitini zanga, ndigwire njinga, ndiime pabwalo pamene angamve mawu anga. Ndinachita monga ananenera. Dzuwa linali paliwombo. Nkhope yawo inali pamthunzi wa denga, maso oyera aja akuyang'ana pambali pang'ono pa pamene ndinaima, ndipo ndinaona pakhosi pawo akumeza.

"Nena," anatero.

Pakamwa panauma monga panaumira pakhomo la Elube. Koma ulendo uno palibe amene akanandiimitsira makina, ndipo amayi anali kudikira.

"Amayi, ine ndikupita. Tsalani bwino."

"Uyende bwino."

Anagwira chitseko ndi manja onse awiri n'kukoka. Chinakana, pakuti pansi pake dothi linali litakwera ndipo mahinjesi anali atagwirana ndi dzimbiri. Ndinasiya njinga kuti ndikathandize, koma anamva mapazi anga nati munthu amene watsazika sabwerera m'mbuyo, ndizipita. Ndinatembenuka n'kuyamba kukankha. Kumbuyo kwanga ndinamva chitseko chikukhula pansi, kuima, kukhulanso, kenaka chinati gwa.

Ndinayenda mpaka kumtsinje. Ndinatsitsa zitini pamchenga, ndinasamba kumaso, ndinaviika miyendo m'madzi, ndipo ndinalira monga sindinalirepo kuyambira tsiku la chigayo lija. Nditatha ndinadikira kuti papite nthawi yokwanira kutchedwa ulendo. Katundu ndinamusiya pomwepo. Ndinakwera mtunda chimanjamanja, ndinaima pabwalo, ndinavula chipewa.

"Odi, amayi."

Kunali zii. Ndinabwerezanso mokweza, mtima uli m'mwamba, kenaka ndinathamangira kukhonde n'kutsamiritsa khutu pachitseko. M'katimo munkamveka mkonono, wautali, wosadukiza, wa munthu amene wagona osatcherera khutu kunjira.

Sindinagogode. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko chotsekacho, ndinakokera lichero pamiyendo, n'kupitiriza kuswa mtedza umene unatsala, kudikira kuti adzuke andilandire.